Lamulo la Chamba ndi Mwana Wodwala Khunyu

M'mwezi wa February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo kunakhazikitsidwa bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Tikalisanthula lamuloli tiona kuti mtima wake unali pa malonda: fodya anali kuloŵa pansi, tsono dziko linkafuna mbewu ina yobweretsa ndalama zakunja. Chiphaso cholimira chamba cha mankhwala chinaikidwa pa madola 10,000. Mwana wodwala khunyu, amene mankhwalawo akadayenera kumufikira, anatsalira m'mbuyo.

Ife ansembe tiyenera kupeŵa zolakwa ziŵiri. Ena akangomva dzina la chamba amakumbukira misala ndi chipatala cha ku Zomba, nakana zonse, kuiŵala kuti chinthu sichitaya ubwino wake chifukwa choti anthu achigwiritsa ntchito molakwa. M'chaka cha 2018 dziko la America linavomereza Epidiolex, mankhwala osaledzeretsa ochokera ku chamba, kwa ana odwala khunyu la mitundu ya Dravet ndi Lennox-Gastaut, losamva mankhwala ena.

Enanso amati chamba chichiza zonse. Komatu Epidiolex ndi woyengedwa, wopimidwa mlingo, ndipo amangochepetsa kugwa pa mitundu yoŵerengeka. Masamba a m'munda ali ndi THC, choledzeretsa chija chimene chingaononge bongo wa mwana. Mayi wa ku Nsanama akatifunsa, timuuze zimenezi mosapsatira.

Chotidandaulitsa kwambiri nachi. Kwathu kuno khunyu limatsata kaŵirikaŵiri malungo ogwira bongo kapena zovuta za pa uchembere. Bungwe la WHO likuti odwala 70 mwa 100 angaleke kugwa atalandira mankhwala oyenera, ena mwa iwo otsika mtengo monga phenobarbital. Komabe m'maiko osauka atatu mwa anayi salandira chithandizo. Mwana wotere amapsa ndi moto, nachotsedwa pa sukulu poopa kuti malovu ake apatsira anzake.

Tsono chilungamo chifuna kuti gawo la ndalama za ziphaso ligulire zipatala zakumidzi mankhwala a khunyu, ndi kuti madokotala athu afufuze ana amene chamba choyengedwa chingawathandize. Ifenso m'miphakati tiphunzitse kuti khunyu sufiti ndipo silipatsirana, nitilimbikitse makolo kupita naye mwana ku chipatala cha boma ku Liwonde.