Kodi tabuleti imamva mbalule?

Pakati pa nyimbo zimene zikulira m'mabaraka a ku Ulongué, m'machapa opita ku Domué ndi pamalire a Calómuè masiku ano, muli zina zimene sizinapangidwire ku Tete, ku Beira kapena ku Lilongwe. Zinapangidwira konkuno, m'zipinda zofolera malata, ndi anyamata amene ali ndi tabuleti, maikolofoni imodzi ndi kabokosi kolumikizira mawu kamene amati placa. Ndamvetsera nyimbo zotere zoculuka, za kwaya ndi zovina zomwe, ndipo ndikufuna kunena cimene ndikuyamikira ndi cimene cikundidetsa nkhawa.

Ndiyambe ndi coyamikira. Kale woimba wa kumudzi ankayembekeza mlendo kuti mawu ake ajambulidwe. Hugh Tracey anayenda ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 ndi galimoto yodzaza makina, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, imene iye anayambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Rhodes University. Gerhard Kubik wa ku Vienna anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba ku Blantyre mu 1967, ndipo kukumana kumeneko ndiko kunathandiza kuti nyimbo zawo zimveke kunja. Nchito ya alendowa inali yabwino, komabe mdzukulu wofuna mawu a agogo ake amakawafuna kutali. Lero makina aja akukwana m'cikwama ca sukulu. GarageBand inafika pa iPad mu 2011, ndipo FL Studio Mobile ndi BandLab zimagwira pa matabuleti a Android amene anthu athu angakwanitse. Tabuleti imachajidwa ndi kasola kakang'ono. Zimenezi n'zofunika m'cigawo cathu, mmene damu la Cahora Bassa, lomalizidwa mu 1974, limatumiza magetsi ake ambiri ku South Africa pamene midzi yambiri ikugonabe mumdima.

Nkhawa yanga yoyamba ndi ya ng'oma. Mapulogalamu amenewa amagawa nthawi m'timabokosi tofanana, ndipo ali ndi batani lochedwa quantize limene limakokera kugunda kulikonse pamzere wapafupi. Kawirikawiri pulogalamu ikangotsegulidwa, timabokosito timakhala m'magulu a tinayi tinayi. Koma magule athu ambiri amayenda patatu patatu, ndipo kukoma kwake kumakhala pamene manja oomba m'manja akuwerenga kwina, ng'oma zikuwerenga kwina, n'kumakumana pamalo pake. M'Gule Wamkulu, amene UNESCO inalengeza mu 2005 kuti ndi cuma ca Malawi, Moçambique ndi Zambia pamodzi, mpanje ndi gunda zimagwira njira, koma mbalule amayang'ana mapazi a cilombo. Cikathamanga, iye amathamanga naco. Cikaima mwadzidzidzi, iye amadula pomwepo. Tabuleti siona mapazi. Ndamva nyimbo zingapo zimene anaikamo kamvekedwe ka ng'oma za gule, kodulidwa n'kumabwerezedwa mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Khutu limazindikira kuti ndi ng'oma yathu, koma thupi silinyamuka.

Comvetsa cisoni n'cakuti ng'oma yeniyeni ikamacotsedwa, m'malo mwake mukulowa log drum ya amapiano, nyimbo zocokera m'makomboni a ku Gauteng. Dzinalo likuchula ng'oma ya mtengo, koma mawuwo ndi opangidwa m'kompyuta. Sindidana ndi amapiano. Eni ake anapanga cinthu cawocawo ndi makina omwewa, ndipo cifukwa cake dziko lonse likuwamvera. Ife tikamangokopera, tikupereka kwa omvera cinthu cimene angacipeze cokoma koposa kwa eni ake.

Nkhawa yaciwiri ndi ya mawu. Auto-Tune, imene inatuluka mu 1997, ndi zina zofanana nayo zimakokera mawu a woimba pa manoti 12 a piyano. Si nyimbo zonse za kuno zimene zinabadwira pa makwerero amenewo. Kumunsi kwathu, m'cigwa ca Zambezi, valimba ya Asena ndi nyanga za Anyungwe zimacunidwa pa manoti 7 otalikirana pafupifupi mofanana, ndipo piyano ilibe malo ake enieni. Kuno kumtunda, mayi woimba nyimbo ya pamtondo kapena ya maliro amatsetsereka pakati pa noti ina ndi ina, ndipo cisoni cimakhala m'kutsetserekamo. Makina amayesa kuti walakwitsa, n'kumuwongola. Palinso cina: Cinyanja cimasiyanitsa matanthauzo ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Woimba wodziwa amalola nyimbo kutsata cinenero. Mawu akapanikizidwa m'nyimbo yokonzeratu yotengedwa pa intaneti, amatuluka osalala koma acilendo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyimbo zimene zandigwira mtima ndi zimene wojambula anadzicepetsa. Ndikukumbukira ya kwaya ina ya kumudzi, imene anaijambula ndi maikolofoni awiri okha oikidwa patsogolo pa oimba. Mulibe kiyibodi, mulibe zokometsera. Mumamveka visekese, kupuma kwa amayi ndi mawu a madoda akubwera pambuyo pang'ono monga amacitira m'chalichi. Ngoma ya Angoni a kwa Maseko, amene makolo awo anakhazikika pa phiri la Domwe, ikufuna ulemu womwewo. Mphamvu yake ili m'mapazi a amuna ogunda nthaka pamodzi, ndipo palibe batani limene lili ndi mawu a dothi la ku Angónia.

Conco inu acinyamata amene mwagwira nchito imeneyi, pempho langa ndi ili. Yambani kujambula woimba ng'oma, mutazimitsa kabelu kowerenga nthawi, ndipo zina zonse zitsate iyeyo. Ngati mawu akucedwa kufika m'makutu, monga zimacitikira pa matabuleti ambiri ochipa, mverani kudzera pa placa mwacindunji, m'malo mokonza woimba amene sanalakwe. M'cipinda ca malata maikolofoni wamba ya pamsonkhano imacita bwino kuposa ija yofuna magetsi a 48V, imene imatola mvula, nkhuku ndi njinga yamoto yodutsa, n'kumalizanso batire. Kolekani mabulangete m'makoma. Ndipo musanajambule nyimbo ya mwambo, pitani kwa amfumu ndi kwa eni gule mukapemphe. Zilipo za pabwalo ndipo zilipo za kudambwe, ndipo cinthu cikalowa pa WhatsApp sicibweranso.

Cimene cili pangozi ndi makutu a ana athu. Mwana amene akukula akumva ng'oma yowongoledwa tsiku ndi tsiku adzayesa kuti agogo ake oimba mbalule ndiwo akuphonya. Akuluakulu amenewa alipobe m'midzi yathu, ndipo manja awo akadali amphamvu. Tabuleti ikhoza kuwafikira kumene galimoto ya Tracey sinafike. Muwapatse mpando, muwalipire monga mulipirira intaneti, ndipo mulembe maina awo pa nyimbozo.