Luso la pabwalo kwa Akunda

Ophunzira a ku Mfuwe akafuna kuyambitsa kalabu ya mtsutso, ayambe kaye akhala kumbuyo kwa akuluakulu pabwalo la m'mudzi kwa Mfumu Kakumbi, kufupi ndi Chinzombo. Kumeneko mkangano wa malire a munda umakambidwa mwaulemu wosiririka. Wodandaula amawomba m'manja, n'kuyala nkhani yake popanda womudula pakamwa. Akatha, nduna imabwereza zomwe yamva kuti pasapezeke wonena kuti amupotozera mawu. Ndi anthu angati ophunzira bwino amene amatha kumvetsera chotere?

Luso lomweli linaoneka m'ma 1990, midzi ya Akunda ya ku Lupande itayamba kukambirana yokha za ndalama zochokera ku ulenje wa nyama: anthu agawane, kapena akumbe zitsime ndi kumanga makalasi.