Mlendo ndi Kalumo Kakuthwa: Tiwerenge Buku la A Small Place



Nyengo ya chuthi ikafika, magulu athu ambiri amasonkha ndalama za ulendo. Ena amapita ku Livingstone kukaona mathithi, ena amadutsa malire pa Mwami kukasamba m'nyanja ku Malawi. Nyengo yomweyo abale athu okhala ku Johannesburg kapena ku London amafika kumudzi ndi masutukesi odzaza, nakhala milungu iwiri, kenaka n'kubwerera. Pali mlendo wopita kukaona dziko la eni, palinso mwana wobwera kudzaona dziko la kwao. Anthu awiri amenewa ndiwo ali m'kabuku kamene ndifuna tikambirane mwezi uno.

Kabukuka n'kolembedwa m'Cingerezi, ndipo dzina lake ndi A Small Place, kutanthauza kuti malo aang'ono. Kanatuluka m'caka ca 1988. Masamba ake angopitirira 80 pang'ono, kotero mungathe kukamaliza tsiku limodzi. Anakalemba ndi mai Jamaica Kincaid. Dzinalo lisakusokonezeni, pakuti kwao si ku Jamaica iai. Anabadwa m'caka ca 1949 m'tauni ya St John's, pa cisumbu ca Antigua m'nyanja ya Caribbean, ndipo dzina lao la paubwana linali Elaine Potter Richardson. Asanakwanitse zaka 18 anatumizidwa ku America kukagwira nchito yolera ana m'nyumba ya eni. Kumeneko anaphunzira, nakhala wolemba nkhani m'magazini ya The New Yorker. Patapita zaka pafupifupi 20 ndipo anabwerera kukaona kwao. Zimene anaona ndizo zinabala bukuli.

Antigua ndi cisumbu cacing'ono ndithu. Kucokera mbali ina kufika mbali ina sipakwana makilomita 30. Angerezi anakhazikikapo m'caka ca 1632, nalima minda ya nzimbe ndi thukuta la akapolo ogwidwa kuno ku Africa. Ukapolo unatha m'caka ca 1834, koma ufulu wodzilamulira unadza pa 1 November 1981, ife titadya kale ufulu wathu zaka 17.

Mlendo woona malo

Gao loyamba la bukuli lilankhula ndi wowerenga maso ndi maso. Mai Kincaid akuyesa inu mzungu wocokera ku America kapena ku Ulaya, amene mwabwera kudzapumula. Akugwirani pa dzanja kuyambira pa bwalo la ndeke, limene linapatsidwa dzina la V. C. Bird, nduna yaikulu ya masiku amenewo. Inu mudutsa pa kasitomu mosavuta, pamene mwana wa dzikolo, wobwera ndi makatoni a zovala ndi zakudya za abale ake, akumuima n'kumufufuza katundu. Mukwera takisi yatsopano ya ku Japan pa mseu wokumbika. Mukondwera kuti kumwamba kulibe mtambo, osadziwa kuti eni dziko akulira ndi cilala ndipo madzi akuwasamala ngati mankhwala. Mudutsa pa cipatala cimene nduna za boma zikadwala sizigonamo, cifukwa zimakwera ndeke kupita ku New York. Mudutsa pa laibulale imene inaonongeka ndi civomezi m'caka ca 1974, pakhomo pake pali cikwangwani colonjeza kuti adzaikonza, koma zaka zoposa 10 zapita. Mufika ku hotela, musamba m'nyanja yoyera mbee, osafunsa kumene zonyansa za m'zimbudzi za hotelayo zimathera. Madzulo mudya cakudya cokoma, osadziwa kuti cambiri cinabwera pa ndeke kucokera ku Miami.

Luso la wolembayu lili apa. Sakulalikirani za umphawi ndi manambala. Amakuonetsani cinthu cokongola, inu n'kuyamba kumwetulira, kenaka n'kukutembenuzirani kuseri kwake. Acita zimenezi kamodzi, kawiri, katatu, kufikira inu nomwe muyamba kudzifunsa musanauzidwe. Ziganizo zao n'zazitali, zobwerezabwereza, ngati mau a mai amene wasunga mkwiyo nthawi yaitali ndipo lero waganiza zoutulutsa wonse. Ndikuuzani zoona, sindinawerengepo buku lina limene linandicititsa manyazi msanga cotere.

Mwina mudzati, "Ife si azungu, zimenezi sizitikhudza." Taimani pang'ono. Mai Kincaid amavomereza kuti munthu aliyense amalakalaka kucoka pakhomo pake n'kukapuma kwina. Kusiyana kwake n'kwakuti ena ali nayo ndalama ya ulendo, ena alibe. Tsiku limene gulu lanu lidzakwera basi kupita ku Mfuwe kukaona nyama za m'nkhalango ya South Luangwa, inunso mudzakhala alendo oona malo. Mudzaimba nyimbo njira yonse, mudzakuwa ndi cimwemwe poona njovu. Koma njovu yomweyo, kwa mlimi wa m'midzi yoyandikana ndi nkhalangoyo, ndi mdani amene angathe kumaliza munda wa cimanga usiku umodzi. Cimene kwa inu ndi cithunzi, kwa mnzanu ndi njala. Ili ndi phunziro loyamba la bukuli, ndipo ndi la Cikhristu ndithu: munthu amene mwamupeza kumalo kumene mwapitako si maluwa okongoletsa ulendo wanu. Ndi mnansi wanu.

Mwana wobwera kwao

M'magao otsatira mai Kincaid amusiya mlendo uja nayamba kukumbukira Antigua wa ubwana wao. Miseu ya m'tauni inali ndi maina a akuluakulu a zombo za Angerezi monga Nelson, Rodney, Hawkins ndi Drake. Pa 24 May caka ndi caka ana a sukulu ankakondwerera tsiku lobadwa la Mfumukazi Victoria, munthu amene anamwalira kalekale ndipo sanapondepo pa cisumbuco. Panalinso malo a anthu olemera ocokera kunja, Mill Reef Club, kumene munthu wakuda ankalowa ngati wanchito basi. Cimene ciwawa mtima wolembayu koposa n'cakuti alibe cinenero cina cofotokozera zoipazi koma Cingerezi comweco, cinenero ca amene anazicita.

Powerenga pamenepa ndinakumbukira kwathu. Mathithi amene eni ake amati Mosi-oa-Tunya anapatsidwa dzina la mfumukazi yomweyo ndi David Livingstone m'caka ca 1855. Koma ndinathokozanso Mulungu pa cinthu cimodzi. Ife zinenero zathu tikali nazo. Tingathe kulira, kupemphera ndi kudzudzula m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga kapena m'Cilozi. Musaciyese copepuka cuma cimeneci.

Buku likanathera pa kudzudzula atsamunda, bwenzi liri ngati mabuku ena ambiri. Koma mai Kincaid atembenuza kalumo kao n'kuloza atsogoleri akuda a dziko lao. Afunsa funso lowawa: kodi zingatheke kuti dziko lodzilamulira lokha likhale loipa kuposa mmene linalili pansi pa atsamunda? Afotokoza za ziphuphu, za nduna zolemera ndi malonda a motoka, za banja limodzi lokakamira pa mpando. Kunena zoona, V. C. Bird atacoka pa mpando m'caka ca 1994, anamulowa m'malo ndi mwana wake Lester Bird, amene analamulira mpaka 2004.

Mtima wa bukuli ndi laibulale ija. Ali mwana, mai Kincaid ankaikonda kwambiri. Pobwera anapeza mabuku ataunjikidwa m'cipinda capamwamba pa sitolo, ena akuonongeka m'makatoni. Anapita kukafunsa nduna ya maphunziro, koma anapeza kuti ili ku Trinidad kukaonerera masewera a kiriketi. Nkhani yaing'ono yomweyi ikuuzani zambiri kuposa malipoti a boma. Ndipo wolembayu sananame: Antigua inatsegula nyumba yatsopano ya laibulale m'caka ca 2014, patapita zaka 40 cicitikire civomezi cija.

Pamene bukuli litsimphina

Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Munthu wocokera kutali amaona zimene okhala pamudzi anazolowera. Koma kalumo kakuthwa kamameta bwino, kamacekanso khungu. M'bukuli ndapezamo zofooka zitatu, ndipo ndifuna muziganizire.

Coyamba, anthu wamba a ku Antigua salankhula. Timva mau a wolemba kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Mphunzitsi amene anapirira m'sukulu yafumbi ija, namwino amene anagwira nchito m'cipatala cija usiku ndi usana, msodzi, woyendetsa takisi, onsewa tingowaona capatali. Pena wolembayu amafika powaseka acinyamata a kwao cifukwa ca Cingerezi cao cothyokathyoka. Pamenepo ndinaona kuti amene anadzudzula mlendo cifukwa coyang'ana anthu ngati zithunzi, nayenso wagwa m'mbuna yomweyo.

Caciwiri, mkwiyo umawaunjika anthu pamodzi. Mlendo aliyense ndi woipa, Mngerezi aliyense ndi wolakwa. Koma nchito yolandira alendo ndiyo imadyetsa mabanja ambiri pa cisumbu cija, monganso ku Livingstone ndi ku Mfuwe kuno kwathu. Mai wogulitsa zosemasema pa msika safuna kuti alendo aleke kubwera. Afuna kuti abwere ndi ulemu ndipo agule pa mtengo woyenera.

Cacitatu, bukuli likuonetsani bala koma silikupatsani mankhwala. Ndivomere kuti pa masamba omaliza mai Kincaid amafewa. Amaonetsa kuti mbuye akataya ubuye wake, ndi kapolo akamasulidwa, onse awiri atsala anthu cabe, aliyense ndi zabwino ndi zoipa zake. Ganizo limeneli n'lozama ndipo liyandikira ku zimene timaphunzira m'Mau a Mulungu. Koma lifika mocedwa, ndipo siliuza mnyamata wa ku St John's coti acite mawa m'mawa.

Musandimve molakwa. Sindinena kuti kukwiya ndi chimo. Mneneri Amosi anakwiya ndi olemera opondereza aumphawi, ndipo Ambuye Yesu anagubuduza magome m'Kacisi. Dziko lopanda anthu okwiya ndi zoipa limaola mwakacetecete. Funso n'lakuti, mkwiyowo ukatha, wokwiyayo aima pati?

Munthu wina amene anabwerera kwao

Tsegulani buku la Nehemiya. Uyunso anali mwana wa dziko laling'ono wokhala ku dziko lalikulu. Anali ndi nchito yabwino yoperekera cikho kwa mfumu Aritasasta ku Susani. Atamva kuti malinga a Yerusalemu ndi ogumuka, analira, nasala kudya, napemphera. Taonani pemphero lake m'mutu woyamba: poulula macimo a mtundu wake, adziwerengera iye mwini ndi banja la atate wake. Atafika ku Yerusalemu anakhala masiku 3 osanena kanthu, kenaka anayendera malinga usiku kuti aone yekha. Atatero ndipo anaitana anthu kuti amange pamodzi. Nayenso anakwiya kwambiri, monga tiwerenga m'mutu 5, pamene anapeza akuluakulu akukongoza abale ao mwa katapira mpaka kuwalanda minda ndi ana. Anawadzudzula pamaso pa msonkhano, ndipo iye mwini anakana kudya cakudya cimene abwanamkubwa akale ankalipiritsa anthu. Linga linatha m'masiku 52.

Mai Kincaid ndi Nehemiya onse anali ndi maso akuthwa. Onse anayendera zogumuka za kwao. Kusiyana kwao kuli pa kamau kamodzi. Wina nthawi zambiri amati "iwo". Mnzake amati "ife".

Ambiri mwa inu mudzapita kunja, ena kukaphunzira, ena kukafuna nchito. Tsiku lina mudzabwera. Mudzaona maenje m'miseu amene kale simunkawaona. Mudzaona denga la chalichi likudontha, ndi sukulu yanu yakale ilibe mabuku. Kudzakhala kosavuta kupukusa mutu n'kumati, "Kuno zinthu sizisintha." Mukatero mudzakhala mlendo woona malo m'mudzi mwa amai anu. Onani zonsezo, musabise ciliconse, ndipo olakwa muwadzudzule. Koma musanadzudzule, khalani pansi mumve kwa amene anatsala, pakuti ndiwo anasenza mtolo inu kulibe. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.

Kodi muliwerenge bukuli? Inde, liwerengeni, makamaka inu a magiredi apamwamba ndi atsogoleri a magulu. Cingerezi cake si covuta. Lidzakupwetekani, mwina lidzakukwiyitsani, koma simudzakweranso basi ya ulendo ndi maso akale. Muliwerenge pamodzi ndi mitu 6 yoyamba ya Nehemiya, kenaka mukambirane mafunso awa pa msonkhano wanu:

1. Pa ulendo wathu wapitawu, kodi tinadziwa dzina la munthu ngakhale mmodzi wa kumalo kumene tinapitako? Kodi tinapempha cilolezo tisanajambule anthu?

2. M'dera lathu lino, ndi cinthu citi cimene cinaonongeka kalekale ndipo tonse tinazolowera kungocidutsa?

3. Mbale wathu akabwera kucokera kunja n'kutidzudzula, kodi timamva zimene anena, kapena timangoti wayamba kunyada?

Mukapeza yankho la funso laciwiri, musadikire zaka 40. Ambuye akudalitseni pa maulendo anu onse, popita ndi pobwera.