Mlembi amene savotetsa

Pamsonkhano wa mpingo wa Quaker ku Britain, nkhani ikavuta anthu sakweza manja kuti awerengedwe. Amakhala chete, wina n'kuimirira kunena zimene zili mumtima mwake, bata n'kubwereranso. Kutsogolo kumakhala mlembi, ndipo ntchito yake ndiyo ndimaigomera. Iye sakhalira kumbuyo aliyense. Amatchera khutu kuti amve kumene Mzimu ukulozera gulu lonse, n'kulemba mfundoyo pomwepo, n'kuiwerenga onse akumva. Akaona kuti mitima sinakumane, nkhaniyo imadikira msonkhano wina.

Kudikirako kumawawa, tisabise. A Quaker a ku Philadelphia anakambirana za ukapolo kwa zaka zambirimbiri, mnzawo wina, John Woolman, akuyendera eni akapolo khomo ndi khomo kuwadandaulira mofatsa. Iye anamwalira mu 1772 nkhani isanathe. Mu 1776 ndi pamene anagamula kuti wokana kumasula akapolo ake achotsedwe mumpingo, ndipo chigamulocho chinali cha msonkhano wonse, osati cha mbali yopambana.

Inu akulu a mpingo amene mwatopa ndi kugawikana pa zisankho, luso la mlembi ameneyu liphunzireni.