Mawu Oti "Ndavomereza" Sakwanira: Kuunika Kafukufuku wa Carver pa Odwala Khansa Ochitidwa Opaleshoni

Wodwala khansa akamatuluka m'chipatala atachitidwa opaleshoni, malangizo amene amapatsidwa amakhala okhudza bala, mankhwala ochepetsa ululu ndi tsiku lobweranso. Za mumtima mwake sizilembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Komatu kunyumba n'kumene maganizo amamuchulukira. Akudikira zotsatira za chotupa chimene chinapita kokayezedwa, thupi lake lasintha, ndipo namwino woti amufunse pakati pa usiku kulibe. Ofufuza ambiri amene amafuna kudziwa momwe odwala amapiririra pa nthawi imeneyi amatsamira pa ntchito ya Charles Carver, amene anali katswiri wa za maganizo a anthu pa yunivesite ya Miami ku America. Ntchitoyi ili ndi phindu, koma ikatengedwa momwe ilili n'kukaigwiritsa ntchito m'midzi ya m'Malawi, ikhoza kusocheretsa.

Mu 1993 Carver ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa amayi 59 amene anali ndi khansa ya m'mawere yongoyamba kumene. Anacheza nawo kutatsala tsiku limodzi kuti achitidwe opaleshoni, anachezanso nawo patatha masiku 10, kenako patatha miyezi 3, 6 ndi 12. Anapeza kuti njira zimene amayiwo ankapiririra nazo kwambiri zinali kuvomereza matendawo, kufunafuna zabwino pakati pa vutolo ndi kudalira chipembedzo. Amene ankavomereza, ngakhalenso kutha kuseka za vuto lawo, nkhawa zawo zinkachepa m'miyezi yotsatira. Amene ankakana kuti akudwala kapena kutaya mtima n'kusiya kuyesetsa, nkhawa zawo zinkakula. Mu 1997 Carver anatulutsa mndandanda waufupi wa mafunso 28 wotchedwa Brief COPE, umene umayeza njira 14 zopiririra. Anauyesa koyamba pa anthu amene anakhudzidwa ndi namondwe wotchedwa Andrew mu 1992, ndipo lero ukugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri.

Chabwino choyamba pa kafukufukuyu n'chakuti sanangofunsa wodwala kamodzi ali pabedi la m'chipatala. Anamutsata mpaka kunyumba kwa chaka chathunthu. Chachiwiri, anasonyeza kuti momwe munthu akupiririra m'masiku oyambirira zimapereka chithunzi cha momwe adzakhalire pambuyo pake. Uwu ndi umboni woti ulendo wa mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka m'masabata awiri oyambirira si wongotsuka bala ayi.

Vuto limayamba munthu akafunsa kuti amayi 59 aja anali ndani. Khansa yawo inapezeka msanga, ndipo ambiri anali ndi chiyembekezo chenicheni chochira. M'Malawi odwala ambiri amafika ku Queen Elizabeth Central Hospital kapena ku Kamuzu Central Hospital matenda atakula kale, ndipo opaleshoni imakhala chiyambi chabe cha maulendo ena olandira mankhwala. Kuvomereza kwa mayi amene wauzidwa kuti chotupa chonse chachoka sikungafanane ndi kuvomereza kwa mayi amene sakudziwa ngati adzakolole chimanga chimene anadzala.

Pamenepa mpamene mawu amanyenga. Wodwala akanena kuti "ndavomereza" kapena "zonse ndi Mulungu", papepala amaoneka ngati akupirira bwino. Koma mawu omwewo amatuluka pakamwa pa anthu awiri osiyana. Wina wavomereza ndipo akudya, akusamalira bala, akusunga ndalama ya minibasi yobwererera kuchipatala. Wina wanena zomwezo pofuna kutseka nkhani, chifukwa mumtima anagonja kalekale. Kwa Carver kuvomereza ndi kutaya mtima ndi zinthu ziwiri zosiyana, koma pa Chichewa zikhoza kumveka chimodzimodzi. Komanso ulemu umapangitsa munthu kuyankha zimene akuganiza kuti a chipatala akufuna kumva. Chosiyanitsa anthu awiriwa ndi zochita zawo, ndipo zimenezo amaziona ndi munthu amene wafika pakhomo.

Kufooka kwina n'kwakuti mafunso a Brief COPE amafunsa zimene munthu mmodzi wakhala akuchita payekha. Kuno matenda sakhala a munthu mmodzi. Woganiza zobwerera kuchipatala, zopita ku mapemphero kapena kwa sing'anga nthawi zambiri ndi mwamuna, malume kapena mwana wamkulu amene ali m'tauni. Pena achibale amauzidwa dzina la matenda pomwe wodwalayo sanauzidwe bwinobwino. Munthu wotere akamanena kuti ndi chotupa chabe, n'kulakwa kumulemba kuti akukana matenda. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndipo kuyambira 2018 bungwe la Médecins Sans Frontières lakhala likuthandiza amayi odwala khansayi ku Blantyre. Mayi amene wachotsedwa chiberekero amabwerera kwawo ndi mafunso okhudza banja: kodi bambo akunyumba akhalabe naye, kodi adzayamba liti kukhalira limodzi, nanga apongozi anena chiyani. Mafunso 28 aja sakhudza mwamuna kapena wodwazika, chonsecho mtendere wa mayiyu uli m'manja mwawo.

Palinso nkhani ya ndalama. Kafukufuku amene Jane Bates ndi anzake anachita ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2021 m'magazini ya The Lancet Global Health, anasonyeza kuti mabanja amene ali ndi wodwala khansa yokula amawononga gawo lalikulu la zimene amapeza, mpaka kukongola kapena kugulitsa katundu. Wodwala amene walephera kubwera pa tsiku lake akhoza kuoneka ngati wataya mtima, pomwe vuto ndi ndalama yoyendera. Kumulangiza kuti alimbe mtima sikungamufikitse ku Blantyre.

Carver mwiniyo sankafuna kuti mayankho a mafunsowa aziphatikizidwa kukhala nambala imodzi yoweruzira munthu kuti amapirira bwino kapena ayi. Brief COPE ndi chida cha ofufuza, si choyezera matenda a maganizo. Pofuna kudziwa ngati wodwala ali ndi matenda okhumudwa, alipo mafunso a PHQ-9 ndi SRQ-20 amene anamasuliridwa m'Chichewa ndi kuyesedwa pa Amalawi. Onse awiri ali ndi funso lokhudza maganizo ofuna kufa kapena kudzipha, ndipo wodwala akavomera funso limenelo ayenera kuonedwa ndi a chipatala tsiku lomwelo. Pa za chithandizo, njira ya Friendship Bench imene anayambitsa Dixon Chibanda ku Harare inasonyeza mu 2016 kuti anthu wamba ophunzitsidwa bwino angachepetse vuto loganiza kwambiri pocheza ndi munthu maulendo 6, akumathandizana kusankha vuto limodzi ndi kupeza chochita. Sinakonzedwere odwala khansa, koma yayesedwanso m'zipatala zina za m'Malawi ndipo ikugwirizana ndi ntchito ya odzipereka.

Choti ogwira ntchito atengepo pa kafukufuku wa Carver ndi nthawi yake ndi zizindikiro zake: kufika pakhomo msanga, kubweranso kangapo, ndi kukhala tcheru ndi munthu amene wasiya kudya, kusamba, kucheza kapena kumwa mankhwala. Zotsalazo zimafuna mafunso amene papepala palibe. Kodi adokotala anakuuzani chiyani? Mukugona bwanji usiku? Ndani akukuthandizani pano? Ndalama yobwererera kuchipatala ichokera kuti? Wodwazika nayenso afunsidwe payekha. Ngati ululu kapena nkhawa zikupitirira, wodwala atumizidwe kwa osamalira odwala matenda aakulu monga a Tiyanjane ku Queen Elizabeth, a Ndi Moyo ku Salima, kapena a pachipatala cha boma chimene ali nacho pafupi.