Mmisiri amene amayamba ndi nambala

Usenet ndi nkhalamba ya pa intaneti. Inayamba mu 1980, Tom Truscott ndi Jim Ellis a pa Duke University ku America ataganiza zoti makompyuta azipatsirana mauthenga m'magulu otchedwa newsgroup. Ambiri amene akadali nayo lero amakoperako mafayilo akuluakulu, ndipo dandaulo lawo silisintha: intaneti ndikulipira yothamanga, koma fayilo ikukwawa.

Wosadziwa ntchitoyi amathamangira kuzimitsa rauta ndi kuyatsanso, zikakanika n'kuyamba kunyoza kampani ya intaneti. Mmisiri weniweni sagwira kanthu kaye. Amafunsa kuti liwiro lili pa zingati, ndiponso ngati laima malo amodzi kapena likukwera ndi kutsika. Apa ndi pamene ndimamusirira, chifukwa nambala imeneyo imamuuza zambiri kuposa madandaulo onse a mwini nyumba.

Amayamba ndi masamu. Kampani imagulitsa intaneti powerengera ma megabit, pomwe pulogalamu monga SABnzbd kapena NZBGet imaonetsa ma megabyte, ndipo mu byte imodzi muli ma bit 8. Wolipira 100 akaona 12, palibe wamubera. Koma wolipira 500 akaona liwiro laima nji pa 11 ndi kakuti, usana ndi usiku osasuntha, mmisiri amasiya sikirini n'kugwada pansi kukagwira waya. Mu waya wa Ethernet muli timawaya 8. Liwiro la gigabit limafuna tonse, pomwe la 100 limakhutira ndi tinayi. Kamodzi mwa tinato kakaduka, mwina chifukwa chopanidwa ndi chitseko, kompyuta ndi rauta zimangomvana zokha kutsikira pa 100 osauza munthu. Vuto lomwe lasowetsa mtendere banja lonse limathera pa waya watsopano.

Liwiro lokwera ndi kutsika amalikayikira Wi-Fi, makamaka ya 2.4 GHz yomwe anansi onse athithikanapo. Amalumikiza waya n'kuyesanso, basi.

Luso lake limaonekera kwambiri pa nkhani ya mtunda. Fayilo ya pa Usenet siikhala yathunthu. Imadulidwa m'tizidutswa tambirimbiri, kalikonse nthawi zambiri kosakwana megabyte imodzi, ndipo pulogalamu imakapempha timeneti kwa seva yomwe kawirikawiri imakhala ku Netherlands kapena ku America. Pempho lililonse liyenera kupita, yankho n'kubwera. Komanso TCP, lamulo loyendetsera zonsezi, siitumiza zambiri isanamve kuti zoyambazo zafika, ndipo pa makina akale malire ake anali ma byte 65,535. Ulendo wopita ndi kubwera ukamatenga gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, njira imodzi yotere siingapyole ma megabit 5 ndi pang'ono, ngakhale munthu alipire ndalama zingati. Zili ngati kutunga madzi pa mjigo wakutali ndi ndowa imodzi: madzi alipo, koma nthawi ikuthera m'njira. N'chifukwa chake pulogalamu imaloledwa kutsegula njira zambiri nthawi imodzi. Wophunzira kumene akangomva zimenezi amalemba 50 pomwepo. Mmisiri amayambira pa 8, n'kufika pa 12, kenako 20, maso ali pa liwiro, ndipo likasiya kukwera iyenso amaima. Kupyola apo n'kungotopetsa rauta yotchipa, ndipo seva imakana njira zoposa zimene munthu analipira.

Amafunsanso za nthawi. Zikamathamanga m'bandakucha koma madzulo n'kukwawa, pali okayikiridwa awiri: mzere wa m'deralo wadzaza, kapena kampani ikuchepetsa dala, monga ankachitira makampani ena ku Britain pa newsgroup nthawi ya madzulo. Kuti asiyanitse, amasintha khomo, lomwe limatchedwa port. Usenet wamba imadutsa poyera pa port 119, yobisidwa ndi SSL pa 563, ndipo maseva ena amalolanso 443, pomwe pamadutsa mawebusayiti otetezedwa. Liwiro likalumpha atangosintha, wolakwa wadziwika: ndi kampani. Likapanda kusintha, saneneza munthu. Ulemu umenewu si onse ali nawo.

Nthawi zina vuto silikhala pa intaneti n'komwe. Liwiro limayamba bwino, koma fayilo yoyamba ikangotha limagwa. Mmisiri amadziwa kuti pa nthawiyo pulogalamu yayamba kuunika tizidutswa ndi PAR2, kukonza toonongeka ndi kumasula fayilo, zonsezo pa disiki yomweyo imene ikulandira fayilo yachiwiri. Amasamutsira ntchitoyo pa disiki ina ya SSD, kapena amauza pulogalamu kuti kukopera kuzidikira kumasula kuthe.

Pa zonsezi amasintha chinthu chimodzi, n'kuyeza, n'kulemba. Chikapanda kuthandiza amachibwezera momwe chinalili asanakhudze china.