Mizimu ndi ma Elves: Za Oima Pakati pa Cauta ndi Munthu

M'nkhani ino tifuna kuunika cizolowezi ca ophunzira ena cofanizira mizimu ya Acewa ndi ma Elves a m'buku la J.R.R. Tolkien, The Silmarillion (1977). Tiona kuti kufananako n'kwa pamwamba cabe.

Kwa Tolkien, mlengi Eru Ilúvatar ali ndi ana a mitundu iwiri. Ma Elves safa ndi ukalamba, ndipo moyo wao ndi womangika ku dziko kufikira litatha. Anthu anapatsidwa imfa monga mphatso, ndipo akafa amacoka m'dziko kupita kumene ma Elves sakudziwa. Mitundu iwiriyi ndi yosiyana kucokera pa cilengedwe. Munthu sasanduka Elf pakufa.

Nthano ya Kaphirintiwa, imene Schoffeleers ndi Roscoe anaisindikiza mu Land of Fire (1985), iyala zinthu mwa njira ina. Cauta, anthu ndi nyama anakhala pamodzi mwamtendere kufikira munthu atapeka moto. Thengo linapsa, nyama zinathawa, ndipo Cauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, nalamula kuti munthu azifa ndi kumutsata. Imfa inadza ngati cilango, koma ndi imfa yomweyo imene inapatsa mudzi ankhoswe opita nao kwa Cauta. Mzimu umene tiuthirira nsembe ya ufa ndi mowa ndi gogo amene dzana anali kulima nafe.

Umboni wake tiuona m'Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndipo amavinidwanso ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Pa maliro, zilombo monga Kasiyamaliro zimacoka ku dambwe kudzaperekeza womwalira. Pa bwalopo anthu, nyama ndi mizimu, amene moto unawalekanitsa, akumananso kwa kanthawi. Gule akatha, cilomboco cimatenthedwa, ndipo kulekana kuja kubwerezedwa.

Motero wolemba nthano zatsopano m'Cinyanja, akasandutsa mizimu kukhala mtundu wapadera wa zolengedwa zosafa, wadula cibale cimene cimaipatsa mphamvu. Mzimu timauopa cifukwa udziwa maina athu, ndipo uli ndi mbumba yoti uidandaulire ikauiwala. Wolembayo ayenera kuyamba wafunsa kuti mzimu wa m'nthano yake ndi wa pabanja la yani.